Nyumba ya mtengo umodzi ya ku Kathmandu

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndiye mundipirire chifukwa ndikutengerani kutali, ku Nepal, dziko lomwe ngakhale ineyo sindidapondeko phazi. Ine ndine wapamsika, ndimagulitsa mpunga ndi nyemba. Mpunga wa kilombero ndimaoda ku Karonga, ndipo nkhaniyi idayambira komweko. Mayi amene amanditumizira matumba adandiuza tsiku lina pafoni kuti mpaka lero, lole ikadutsa usiku mawindo n'kunjenjemera, iwo amadzidzimuka n'kuthamangira panja opanda ndi nsapato zomwe. Manthawo adawatenga mu Disembala 2009, pamene zivomerezi zidagwedeza boma la Karonga kwa masabata awiri, chachikulu chake champhamvu 6.0. Anthu anayi adamwalira, mabanja ambirimbiri adagona panja mvula ili mkati.

Titamaliza kucheza ndidatsala ndi funso: anzathu omwe chivomerezi chimawayendera kawirikawiri amatani? Masana makasitomala akachepa ndinkangoti maso pafoni, bandulo n'kumasungunuka ngati mchere wa m'dzinja. Pofufuzapo ndidakodwa ndi mbiri ya nyumba ina yamatabwa ya mumzinda wa Kathmandu, ndipo ndiyo ndabwera nayo.

Tiyambe ndi nthaka. Pansi pomwe tapondapa pali zimiyala zikuluzikulu zophwathalala zomwe zasenza maiko ndi nyanja, ndipo sizidakhazikike, zimayenda. Chimwala chomwe chasenza India chikukankha ndi kulowa pansi pa chinzake chomwe chasenza mbali yaikulu ya Asia, pa liwiro la masentimita anayi kapena asanu pachaka. Ndi momwe zikhadabo zanu zimakulira basi. Koma kukankhana kumeneko ndi komwe kudatukula mapiri a Himalaya, Everest yemwe. Zimiyalazo zimakolana kwa zaka makumimakumi, mphamvu n'kumaunjikana, kenako tsiku limodzi zimapulumuka n'kutsetsereka kamodzin'kamodzi. Chivomerezi ndi chimenecho. Kathmandu ali ndi tsoka linanso: chigwa chomwe mzindawu udamangidwamo kalekale chidali nyanja. Madzi adaphwa, padatsala dothi lofewa lakuya mamita mazanamazana. Tagwedezani mbale ya phala ndi mbale ya mkute, muona nokha chomwe chivutike kwambiri.

Ndiye kwa anthu a m'chigwachi chivomerezi si mlendo. Mabuku awo akale amasimba za cha 1255 chomwe chidapha mfumu Abhaya Malla pamodzi ndi munthu mmodzi mwa anthu atatu alionse a m'chigwamo. China chidabwera mu 1833. Pa 15 Januwale 1934 kudabwera chachikulu, champhamvu pafupifupi 8, chomwe chidapha anthu oposa 8,500 m'Nepal mokha, osawerengera a ku Bihar, tsidya la India.

Eni chigwachi ndi anthu a mtundu wa Newar, alimi, amisiri ndi amalonda. Njira ya malonda yochokera ku India kupita ku Tibet inkadutsa pakhomo pawo, ndipo chuma chawo chidachokera pamenepo. Inu amene mumatipeputsa ife ageni, imvani bwino pamenepa. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 chigwacho chidagawika maufumu atatu, Kathmandu, Patan ndi Bhaktapur, mafumu ake onse a banja limodzi la Malla. Ankapikisana pomanga akachisi ndi nyumba zachifumu, aliyense kufuna kuposa mbale wake. Mpikisanowo udatha pamene Prithvi Narayan Shah wa ku Gorkha adalanda mizindayo mu 1768 ndi 1769, koma zomanga zidatsala: makoma a njerwa zofiira zomatidwa ndi dothi, mizati ndi mawindo amatabwa osemedwa mwaluso, madenga osanjikizana atatu, ena asanu. Mu 1979 bungwe la UNESCO lidaika malo asanu ndi awiri a m'chigwachi pa mndandanda wa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, mndandanda womwe uja muli zojambula za pamiyala za ku Chongoni kwathu kuno.

Funso lomwe lidandigwira ndi ili: nyumba za dothi ndi matabwa zidakhala bwanji zaka mazanamazana pamalo ogwedezeka chotere? Yankho lina ndi chinthu chomwe iwo amachitcha guthi. Mfumu kapena wamalonda akamanga kachisi ankaperekanso munda. Gulu la mabanja linkayang'anira mundawo, ndipo zokolola zake zinkalipira mwambo wa chaka ndi chaka, phwando lake, ndi kukonza denga likayamba kudontha. Tinene kuti ndi banki m'khonde yomwe ngongole yake ndi kusamala nyumba ya makolo, ndipo umembala wake umachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Chivomerezi chikagwetsa kachisi, a guthi ankatola zomwe zatsala n'kumumanganso pamaziko omwewo. Mu 1964 boma lidakhazikitsa bungwe lake loyang'anira minda yambiri ya guthi. Minda ina idatayika mzinda ukukula, ndalama zokonzera zidachepa, madenga adayamba kudontha popanda wokwerapo. Musaiwale mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Tsopano nyumba yathu ija. Dzina lake ndi Kasthamandap, kutanthauza chisakasa chamatabwa, ndipo dzina loti Kathmandu lidachokera pamenepo. Tangoganizani, likulu la dziko kutchedwa dzina la nyumba imodzi. Nthano ya eni ake imati yonseyo idamangidwa ndi mtengo umodzi wokha wa mtundu wa sal. Ili pamphambano ya njira zakale za malonda, pamalo otchedwa Maru, ndipo idali malo opumulira apaulendo ndi amalonda, yopanda zitseko, aliyense ankangolowa. Pakati pake pali fano la Gorakhnath, munthu woyera wa chipembedzo cha Chihindu. Kunja kwake amayi amayala maluwa ndi ndiwo zamasamba. Kunena zoona chomwe chidandikoka ine n'chimenechi, chifukwa shedi ya pamsika ndimaidziwa ubwino wake mvula ikagwa katundu ali pansi. Dzina lake likupezeka m'zolembedwa za m'chaka cha 1143. Chivomerezi cha 1934 chidagwetsa zambiri mumzindamo, koma iyoyi idaima.

Loweruka pa 25 Epulo 2015, nthawi ili 11:56 m'mawa, nthaka idagwedezeka ndi mphamvu 7.8. Gwero lake lidali ku Barpak m'boma la Gorkha, makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Kathmandu. Anthu pafupifupi 9,000 adafa, oposa 20,000 adavulala, nyumba zoposa 500,000 zidagwa. Mudzi wa Langtang udakwiririka ndi miyala ndi madzi oundana ochokera m'phiri. Pa 12 Meyi kudabweranso china champhamvu 7.3, n'kumaliza zomwe zidali zitang'aluka. Mwayi umodzi wokha unalipo: ku Nepal tsiku lopuma ndi Loweruka, ndiye ana sadali m'kalasi. Sukulu masauzande zidagwa zili zopanda anthu.

Koma tsiku lopuma lomwelo ndi lomwe lidadzaza anthu m'malo akale. Mumzindamo mudali nsanja yoyera yotchedwa Dharahara, yomangidwa mu 1832 ndi nduna yaikulu Bhimsen Thapa, yotalika mamita pafupifupi 62, ya masitepe 213. Idagwapo mu 1934 n'kumangidwanso. Anthu ankagula tikiti kukwera pamwamba kukaona mzinda, ndipo tsikulo idagwa nawo ali mkati, ambirimbiri n'kufera pomwepo. Ku Kasthamandap nako tsikulo kudali ntchito yopereka magazi. Denga lidatsikira anthu omwe adabwera kudzapulumutsa moyo wa anzawo, ndipo 10 adamwalira. Ndiye wina akakuuzani kuti nkhani yosamala nyumba zakale ndi ya anthu okhuta, mukumbutseni kuti nyumba yakale ikagwa imagwera anthu. Zomanga zakale zoposa 700 zidaonongeka m'dzikomo.

Chinthu choyamba chanzeru chidachitika ku Patan, ndipo sichidadikire ndege ya thandizo. Akachisi awiri a pabwalo lachifumu, Char Narayan ndi Harishankara, adasanduka mulu. Atatha kuchotsa anthu, eni mzinda pamodzi ndi asilikali ndi apolisi adatola mtengo uliwonse wosemedwa, mwala uliwonse wogoba, n'kukazitsekera m'bwalo la nyumba yosungiramo zakale ya Patan Museum. Ankaopa akuba, chifukwa mafano a ku Nepal akhala akubedwa n'kumakagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America, ankaopanso mvula yomwe idali pafupi. Bungwe la Kathmandu Valley Preservation Trust, lomwe lidayamba mu 1991 ndipo limasonkhanitsa ndalama kunja n'kumagwira ntchito ndi amisiri a konko, lidasanja zidutswazo chimodzichimodzi. Chifukwa choti zithunzi ndi miyeso zinalipo, akachisi onse awiri adamangidwanso, mbali yaikulu ya zosema ili yakale yomwe ija. M'malo ena anthu adabweretsa mathirakitala okumba kudzakankha zonse pofuna kupulumutsa okwiririka. Sindingawaweruze, nanenso m'bale wanga ali pansi ndikadatero. Koma zambiri zidasweka ndi makinawo.

Kenako kudabwera malonjezo. Pa 25 Juni 2015 maiko ndi mabanki adakumana ku Kathmandu n'kulonjeza madola 4.4 biliyoni, India yekha biliyoni imodzi. Mawu omwe adali pakamwa pa aliyense adali oti timangenso koma molimba kuposa kale, mfundo ya mgwirizano womwe maiko 187 adavomereza ku Sendai, m'dziko la Japan, mu Malichi chaka chomwecho, patangotsala masabata ochepa kuti tsokali ligwe. Komatu lonjezo si ndalama ya m'manja, ife ogulitsa pangongole timadziwa. Andale adatanganidwa ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko. Kuyambira Sepitembala mpaka Febuluwale malire a India adatsekeka, mafuta adasowa, simenti idasowa. Bungwe la boma loona zomanganso lidakhazikitsidwa mu Disembala, patatha miyezi isanu ndi itatu, anthu akumapiri ali m'zisakasa za malata nyengo yozizira.

Padalinso lamulo logulira zinthu za boma, loti ntchito ipite kwa kontilakitala wotchula mtengo wotsika. Pamsewu mwina zimatheka. Koma kachisi wa zaka 400? Wotchipitsayo ndiye amagula matabwa aawisi, n'kulemba ganyu munthu yemwe sadagwirepo chisemelo. Ine ndidaphunzira ndi benchi langa: kalipentala wotchipa adandikhomera la matabwa osauma, chaka chisanathe lidapindika, thumba la nyemba n'kukhuthukira m'ngalande. Anthu a ku Kathmandu adaona zomwezo zikubwera, ndipo achinyamata adayamba kukana kuti Kasthamandap aperekedwe kwa kontilakitala mwa njira imeneyo.

Pakati pa mkanganowo ndi pomwe thandizo lakunja lidachita chinthu chomwe ine ndimachiona chopambana zonse, ngakhale sichidali cha ndalama zambiri. Mu 2015 ndi 2016 akatswiri ofukula zakale a ku yunivesite ya Durham ya ku England, motsogozedwa ndi Robin Coningham, adagwira ntchito limodzi ndi nthambi ya boma la Nepal yoona zakale, UNESCO ikuthandiza. Anthu ambiri ankaganiza kuti maziko a dothi ndiwo adalephera, ndiye akumbidwe, athiremo konkire. Akatswiriwo adati tiyeni tiyambe taona. Atakumba adapeza makoma a njerwa zomatidwa ndi dothi, akuya mamita awiri, olumikizana pansi ngati mizere ya bawo, opanda mng'alu wa chivomerezi. Atayeza zaka zake adapeza kuti adayalidwa cha m'zaka za m'ma 600, zaka mazana angapo m'mbuyo kuposa momwe anthu ankaganizira. Maziko amenewo adapirira 1255, 1833, 1934 ndi 2015 yemwe.

Nanga idagwa bwanji? Apa mvetserani. Denga lonse lidatsamira pa mizati inayi ikuluikulu ya pakati. Mzati uliwonse udasemedwa ndi nsonga kunsi kwake, ndipo nsongayo inkalowa m'bowo la mwala, monga munsi mumtondo. Pakati pa mtengo ndi mwala akale ankaikapo chitsulo cha kopa kuti chinyezi chisakwere n'kuoletsa mtengo. Nthaka ikagwedezeka nyumba inkatha kupendama n'kubwerera, mizati osachoka m'malo. Ofukulawo adapeza miyala itatu ili poyera. Wachinayi adaupeza utakwiririka pansi pa matailosi omwe adayalidwa pokonza nyumbayo m'zaka za m'ma 1900. Ndiye kuti mzati umodzi udangokhala pamwamba pa matailosi, osalowa paliponse. Kwa zaka zambiri palibe adadziwa, chifukwa pamaso zonse zinkaoneka zaudongo. Munthu wina, tsiku lina, adaona kuti kubweza mzati m'bowo lake ndi ntchito yaikulu, n'kungoyala matailosi. Ndikamaganiza za anthu 10 aja ndimaganiza za tsiku limenelo.

Zimenezi zidasintha nkhani yonse. Omwe ankati nzeru za makolo zatha ntchito adasowa chonena, chifukwa chomwe chidalephera ndi chigamba chatsopano. Ntchito yomanganso idaperekedwa ku komiti ya anthu a m'deralo, ndalama zikuchokera ku khonsolo ya mzinda, ndipo idayamba mu 2018. Maziko akale adawasiya momwe adaliri. Adamanga ndi dothi, mitengo ya sal adakaifuna ku nkhalango za kumwera kwa dzikolo, amisiri osema adatengera zidutswa zomwe zidapulumuka. Mizati yonse inayi idalowa m'miyala yake. Adawononga ndalama zochepa kuposa zomwe zidayerekezedwa poyamba, ndipo mu Epulo 2022 mtsogoleri wa dzikolo, mayi Bidya Devi Bhandari, adaitsegulira.

Musandimve ngati ndikuti chitsulo ndi simenti n'zoipa, kapena kuti alendo adangobwera kudzasokoneza. Ayi ndithu. Zina zomwe zidaima mu 2015 zidaima chifukwa cha mgwirizano wa zaka zam'mbuyo. Patan Museum ija, momwe adasungamo zosema, idakonzedwa ndi thandizo la Austria n'kutsegulidwa mu 1997, ndipo idapirira. Ku Bhaktapur, dziko la West Germany lidagwira ntchito yokonza mzinda kuyambira 1974 mpaka 1986. Kenako lidalipira kumanganso kanyumba ka ngodya zisanu ndi zitatu kotchedwa Chyasilin Mandap, komwe kadagwa mu 1934, ndipo okonza mapulani ake adaikamo zitsulo mkati. Ena adadandaula kuti si momwe makolo ankamangira. Mu 2015 kadaima nji. Komanso kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la akatswiri a ku Nepal lotchedwa NSET, mothandizana ndi anzawo akunja, lidayamba kulimbitsa makoma a sukulu ndi kuphunzitsa amisiri a m'midzi. Sukulu zolimbitsidwazo zidapirira, zina n'kukhala pothawira anthu. Ndalama imeneyo idalowa chivomerezi chisanabwere, ndipo palibe mtolankhani adathamangira kukajambula sukulu yomwe sidagwe.

Chitadutsa chivomerezi maiko adagawana ntchito ngati mizere ya m'munda. China adatenga nyumba yachifumu yosanjikizana kasanu ndi kanayi ya Basantapur. America adalipira kukonza Gaddi Baithak, nyumba yoyera ya 1908 yomwe ili pabwalo lomwelo. Japan, yemwe zivomerezi ndi nyumba zamatabwa amazidziwa bwino, adatumiza akatswiri. India ndi Sri Lanka adatenga akachisi ena. Ambiri adagwira ntchito yabwino, ngakhale mungaone nokha kuti aliyense ankafuna nyumba yoonekera, pomwe chikwangwani chake chingawerengedwe ndi alendo.

Koma nkhani yomwe idandisangalatsa ndi ya Bhaktapur. Germany, bwenzi lawo lakale lija, adapereka mayuro 10 miliyoni kudzera ku banki yake ya chitukuko, koma ndi mfundo zake za momwe makontilakitala asankhidwire. Akuluakulu a mzinda adaona kuti mfundozo zitsekera kunja amisiri awo ndi makomiti a anthu. Adakambirana osamvana, ndipo mu 2018 ndalamazo zidabwerera. Mayuro 10 miliyoni, abale! Ine kasitomala akatembenuka ndi ndalama ya kilo imodzi ndimamuitana kawiri. Koma iwo adali ndi podalira: mlendo aliyense wakunja amalipira polowa mumzinda wakalewo, ndipo amisiri ali nawo okwanira. Kachisi wawo wamkulu wa madenga asanu, Nyatapola, womangidwa mu 1702 ndi mfumu Bhupatindra Malla, adapirira 1934 ndi 2015, ndipo mu 2020 adamukonza okha, anthu wamba akudzipereka kunyamula dothi ndi matailosi a padenga. Ku Boudhanath nakonso, chimulu chopatulika cha Abuda chidakonzedwa ndi zopereka za okhulupirira, golide yekha makilogalamu oposa 30, n'kutsegulidwa mu Novembala 2016, boma lisanafike patali ndi zake. Kodi akanatha kukana akadakhala opanda chikwama chawo? Ine ndikuti ayi. Wokana nsima ya eni ndi amene wasiya ufa kunyumba.

Ndipo si alendo okha omwe ankafunika kuwayang'anitsitsa. Pakati pa Kathmandu pali dziwe lotchedwa Rani Pokhari, lomwe mfumu Pratap Malla adakumbitsa mu 1670 pofuna kutonthoza mkazi wake mwana wawo atamwalira. Pakati pa dziwelo pali kachisi yemwe amatsegulidwa kamodzi pachaka, tsiku lomwe alongo amadalitsana, kuti omwe alibe mlongo akapeze kolowera. Khonsolo ya mzinda womwewo idaphwetsa madzi n'kuyamba kumanga makoma a konkire. Kumapeto kwa 2017 anthu adakwiya, adatseka geti, ntchito idaima. Konkire adaigumula. Adaitana amisiri a ku Bhaktapur, ambiri mwa iwo amayi, omwe adayala pansi pa dziwe ndi dothi lakuda losunga madzi monga ankachitira akale. Kachisi naye adamubwezera maonekedwe a nthawi ya Pratap Malla, omwe adasinthidwa m'zaka zapakatipa. Dziwe lidatsegulidwa mu Okutobala 2020. Ndipo mu Juni 2019, boma litabweretsa bilu yofuna kulanda mphamvu zomwe zidatsalira kwa guthi, anthu masauzande adadzaza misewu mpaka biluyo idachotsedwa. Mwaona kuti guthi uja tamupezanso.

Dharahara yekha ndiye adayenda njira ina. Boma lidamanga nsanja yatsopano ya konkire ndi zitsulo, yotalika mamita 72, yokhala ndi chikepe, pambali pa chitsa cha yakale chomwe adachisiya ngati chikumbutso. Ena amaitcha yonyenga. Ine pamenepa ndili mbali ya boma. Nsanja yopyapyala yomwe yagwa kawiri, yachiwiriyo ndi anthu mkati, sindingakweremo ndi mwana wanga itamangidwanso ndi njerwa zokha.

Mwina wina akufunsa kuti nanga anthu wamba omwe nyumba zawo zidagwa? Banja lililonse lidalonjezedwa marupi 300,000, operekedwa magawo atatu. Gawo lachiwiri ndi lachitatu linkatuluka injiniya akabwera kudzaona kuti mwatsata malangizo: maziko oyenera, lamba wa konkire kapena wamatabwa wozungulira nyumba yonse pansi, pa mawindo ndi pansi pa denga, ngodya zolumana bwino. Amisiri masauzande adaphunzitsidwa ndi thandizo la maiko ndi mabungwe akunja. Nyumba mazana a masauzande zidamangidwa, zolimba kuposa zakale. Koma ndalamayo idali yochepa, ambiri adalowa m'ngongole, ena adangomanga kachipinda kamodzi kuti alandire gawo lotsatira, ndipo midzi yambiri idataya maonekedwe ake akale. Walira mvula walira matope.

Tibwerere kwathu. Ku Nepal zimiyala zija zikukankhana, kuno zikukokana. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chomwe chikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo nyanja ya Malawi ili mumng'alu womwewo. Pa 10 Malichi 1989 chivomerezi chidagwedeza Salima, anthu 9 adafa, pafupifupi 50,000 adasowa pokhala. Chitachitika cha ku Karonga boma, mothandizana ndi mabungwe akunja, lidatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Mwa inu amene mwamanga posachedwapa, ndi angati mudawaonako, kapena bilidala wanu adawatchulako?

Zomanga zakale nafenso tili nazo. Mandala House ku Blantyre ndi ya 1882. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, yemwe sadaphunzire za mapulani a nyumba, ndi manja a makolo athu omwe adaumba ndi kuotcha njerwa zake. Tchalitchi chachikulu cha St Peter pa chilumba cha Likoma chidayambika mu 1903, m'nyanja ya mumng'alu ija. Matchalitchiwa Lamulungu amadzaza anthu. A m'gulu lino amene mumapemphera kumeneko kapena mumakhala pafupi, tatiuzani m'munsimu: alipo amene amakwera kukaona mitengo ya denga ngati chiswe sichidalowe? Miyeso ndi zithunzi za khoma lililonse zidasungidwa penapake? Pomwe padakonzedwa ndi simenti kapena matailosi, pansi pake pali chiyani?

Ine ndili ndi kanyumba komwe ndakhala ndikumanga kwa zaka zitatu, njerwa pang'onopang'ono malonda akayenda, ndipo kafika pa mawindo. Bilidala wanga adandiuza kuti bimu yozungulira nyumba yonse ndi kutaya ndalama, tingoika malintala pa zitseko ndi mawindo basi, zotsalazo ndigulire malata mvula isanayambe. Ndidatsala pang'ono kuvomera, chifukwa lendi ikundipweteka. Sabata yatha ndidamuuza nkhani ya mzati wachinayi uja. Adaseka, adati mayi inu zam'foni zikusokonezani. Zitsulo ndagula kale, simenti ndapeza matumba asanu, atsala atatu. Malata adikira chaka chamawa.